Mwala Wamaso wa a Nyani

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, pakuti nkhani iyi ndi ya chingwe, ndipo chingwe chake sichikokeka ndi mmodzi.

Kalelo nyama ndizo zinali anthu, choncho musadabwe ndikamaziti anthu. Panali anthu a Kuno ndi anthu a Kuseri, pakati pawo phiri, ndipo anali pankhondo. Mukandifunsa chimene chinayambitsa nkhondoyo, ndinganame. Ena ankati ndi chitsime, ena ankati ndi mwano umene wina analankhula pamowa. Kazembe Nyalugwe, mkulu wa asilikali a Kuno, anali ndi mayankho onse awiri, ndipo ankasankha lopereka atayang'ana nkhope ya wofunsayo.

Chaka choyamba ankamenyana ndi mikondo. Anyamata ankakwera phiri akuimba, n'kubwerako ali pamachira. Amene ankadziwa bwino kuchuluka kwa akufawo anali Mfuko, mkulu wa adzukulu, okumba manda aja. Mfuko anali kamunthu kakafupi, ka maso ngati nthanga za therere, kokonda nthabwala koma kosaiwala chinthu. Chaka chimenecho khasu lake linatha mipini iwiri.

Amayi anatopa kulira. Tsiku lina mayi Nkhanga, amene ankatsogolera nyimbo pamtondo, paukwati ndi pamaliro pomwe, anaima pabwalo n'kunena kuti anaika kale ana awiri, wachitatu sapita kuphiri. Tsono ku Kuno, chimene mayi Nkhanga anena m'mawa, pofika masana chinali m'kamwa mwa aliyense. Kazembe anaona kuti nkhondo yake ikumupulumuka m'manja, ndipo anathamangira kwa Nyani, mmisiri wa dzikolo.

Nyani anamanga nsungwi makumi atatu pamodzi n'kuzizika pansi. Kunsonga kwake anamangirira dengu lalikulu ngati nkhokwe, ndi chingwe chachitali cha luzi. Mukakoka chingwecho, nsungwi zinkawerama mpaka dengu kugunda pansi. Mukaikamo mwala n'kuzula chikhomo, mwalawo unkauluka kudumpha phiri lonse. Anthu anachitcha Chilegeni.

"Kuyambira lero," anatero Kazembe pabwalo, "palibe mwana wa Kuno adzafere kunkhondo. Mwala uzipita, ana anu azitsala."

Nthungululu zinamveka mpaka kuchitsime. Koma Mfuko anakweza dzanja.

"A Kazembe, pepani. Mwalawo ukafika uko, uzimudziwa bwanji msilikali? Kumidzi kuja kuli ana ndi akazi."

Nyani anagubuduza mwala umodzi n'kuuimika pamaso pa anthu. Unali ndi maso awiri oyera, otong'ola.

"Mwala uwu ndaukhwimira, a Mfuko. Umaona. Mayi umamudutsa, mwana umamulambalala, koma msilikali umamugwera pakati pamutu. Ndipo a Kabawi awa aziuluka pamwamba n'kumatiuza zonse zimene zachitika."

Chilegeni chinali ndi vuto limodzi: asilikali okha sankatha kuchiweramitsa. Chinkafuna manja a mudzi wonse. Apa ndi pomwe mayi Nkhanga anapeka nyimbo yawo ija. Inali nyimbo yokoma, musanamizidwe. Iwo ankatsogola ndi mawu otuma mwala paulendo, kuulangiza ngati mmene mayi amalangizira mwana wopita kutali, ndipo gulu linkavomera kuti ana athu agona m'nyumba, n'kumaliza ndi kubuula kumodzi pokoka chingwe. Anakoka onse, akulu ndi ana, ngakhale adzukulu, popeza ntchito ya kumanda inali itasowa.

Madzulo alionse Kabawi ankatera pamtengo wa pabwalo.

"Asilikali asanu ndi awiri! Mayi ayi, mwana ayi!"

Anthu ankaomba m'manja n'kupita kukadya. Palibe anafunsa kuti kumtunda komwe Kabawi amaulukako, munsi ndi mkondo amazisiyanitsa bwanji.

Kuseri kunali midzi itatu: Mpatsa, Nsanjiko ndi Katondo. Kazembe analengeza kuti mudzi uliwonse ulandira miyala masiku asanu ndi awiri, kuyambira Mpatsa, kutsiriza Katondo. Mfuko atamva dzina la Katondo, maganizo ake anathamangira komweko. Mwana wake mmodzi yekhayo, Nachanza, anali kuchitengwa ku Katondo. Anakwatiwa ndi Nungu nkhondo isanayambe. Njira ya paphiri inali yotseka, Fisi akulondera, moti chaka chonse bambo ndi mwana anali asanaonane.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mfuko analowa m'nyumba mwake, anasuntha mphasa, n'kuyamba kukumba. Anakumba masiku awiri, ndipo anakatulukira ku Mpatsa. Zimene anaona kumeneko zinamuchotsa nthabwala zonse. Mwala unali utagwera pamtondo, wina pachitsime, wina panyumba ya mzamba. Maso ake oyera aja anali akuyang'anabe kumwamba.

Anathamanga mpaka ku Katondo. Anapeza Nachanza ali m'chikuta, ana atatu ali pamphasa.

"Mwanawe, nyamuka. Ndakumba njira. Tiye kwathu miyala isanafike kuno."

"Ababa, tawayang'anani adzukulu anuwa." Nachanza anavundukula nsalu. Onse atatu anatengera bambo awo, minga thupi lonse. "Alowa bwanji m'njira yanu yopapatizayo? Nanga bambo awo? Nanga apongozi anga amene sayendawa?"

"Ndikulitsa njirayo."

"Mukulitsa mpaka mudzi wonse ulowe? Ana a anzangawa ndiwasiyire mwala? Chingwe chija chili kwanu, ababa. Pitani mukawauze asiye kukoka."

Mfuko anabwerera, dothi lili m'makutu, n'kukafika pabwalo anthu akulavulira m'manja kuti agwire chingwe.

"Abale anga, taimani! Ndachokera ku Mpatsa. Mwala uja ndi wakhungu. Ukupha amayi pamtondo."

Kazembe sanakwiye n'komwe. Anangoseka.

"Tamvani, anthuni. Mfuko akuti china chake n'chakhungu. Mfuko! Iwe amene umagunda nkhokwe masanasana? Timvere iwe, tisiye Kabawi amene amaona nyerere ali m'mitambo?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Koma mawu amene anamubaya anachokera kwa mayi Nkhanga.

"Ife tikudziwa chimene chikukuwawani, a Mfuko. Khasu lanu lachita dzimbiri. Mwasowa nyama ya pamaliro. Mukufuna ana athu akwerenso phiri kuti inu mudye."

Ndipo anayambitsa nyimbo, kulangiza mwala paulendo, gulu n'kuvomera za ana ogona m'nyumba. Tsiku limenelo anabuula mwamphamvu kuposa masiku onse, kuti mawu a Mfuko asamveke.

Ine anthu amenewa sindiwada. Sanali afiti. Anali anthu amene analira mokwanira, ndipo wina atawauza kuti kulira kwatha, anawagwira mawuwo ndi manja awiri. Koma zimandipsetsa mtima ndithu kuti palibe ngakhale mmodzi amene anati, tiyeni timufunse bwino mkuluyu.

Masiku a Mpatsa anatha, miyala inayamba kugwa ku Nsanjiko. Mfuko anati mumtima, pakamwa pokha sandikhulupirira, ndiwabweretsere chogwira ndi manja. Analowanso m'njira yake.

Adzukulu ali ndi kachitidwe kawo. Asanapite kukakumba, amayeza womwalirayo ndi bango, kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kulidula pomwepo, kuti manda asatalike kapena kufupika. Mfuko anapita kwa adzukulu anzake a ku Nsanjiko. Iwo sanamufunse kuti ndi wa mbali iti, pakuti okumba manda amadziwana ndi zikhatho. Anamupatsa mabango onse a sabata imeneyo, khumi ndi asanu ndi anayi. Anawamanga mtolo n'kuwakoka pansi pa phiri chafutambuyo.

Pabwalo sananene zambiri. Anangoyala mabangowo pansi, aatali uku, aafupi uku. Aafupi anali khumi ndi limodzi.

"Nonse mukulidziwa bango ili. Ndinayezera ana anu. Awa ndi a ku Nsanjiko, sabata ino yokha."

Chingwe chinali m'manja mwa anthu, koma palibe ankakoka. Mayi Nkhanga anayang'anitsitsa bango lalifupi kwambiri, lotalika ngati chipande. Nyani anayang'ana Kazembe, Kazembe anayang'ana Kabawi.

Kabawi anakonza nthenga zake. "Aaa, zimenezo? Ine ndimawaona tsiku ndi tsiku. Asilikali a Kuseri ndi aafupi kwambiri."

Njiri anayamba kuseka, kenako wina, kenako onse. Kunali kuseka kwa munthu amene watula katundu wolemera. Iwo ankafuna poti athawire, ndipo Kabawi anawatsegulira khomo.

Kazembe sanachedwe. "Tsono tandiuza, iwe Mfuko. Njira ndi yotseka. Ku Nsanjiko unapita bwanji? Anakulandira ndani? Anakupatsa mabango ndani? Anthuni, ndakhala ndikunena kuti pakati pathu pali kazitape. Si uyu?"

"Kazitape! Kazitape!"

Anamulanda khasu. Fisi anagubuduzira mwala panjira yake ya pansi ija n'kukhalapo. Mabango anawataya kudzala. Mayi Nkhanga anayambitsa nyimbo, ngakhale poyamba mawu anawathawa pang'ono. Anatsokomola, n'kulangiza mwala monga mwa masiku onse, ndipo gulu linavomera.

Kunatsala masiku awiri kuti lifike tsiku la Katondo.

Mfuko anakhala pakhonde pake tsiku lathunthu, osadya. Pamene ankalankhula, anamuseka. Pamene anaonetsa, anamunyoza. Anazindikira kuti anthu ake sakumva chifukwa mwala ukugwa kumene iwo sakhala, ndipo munthu samva kulemera kwa mtolo uli pamutu pa mnzake. Anati, chabwino, ndiwakhazika pansi pake. Mawa lake anapita kumanda, anadziyeza yekha ndi bango, n'kukumba dzenje ndi zikhadabo, popeza khasu analibe. Odutsa anamuona n'kukauza mudzi wonse kuti kazitape wapenga.

Tsiku la Katondo anthu anasonkhana mmamawa. Mwala wa tsikulo unali waukulu kuposa yonse, maso ake atangopakidwa kumene. Mfuko anabwera chokwawa, n'kugwada pamaso pa Kazembe, akuomba m'manja.

"A Kazembe, ndabwera kudzapepesa. Ndinanyoza mwala wa a Nyani. Ndinalakwa. Mwalawu umaona."

"Waona tsopano?" anatero Kazembe, akunyambita ndevu.

"Ndaona, bwana. Koma dzina la kazitape likundiwawa. Mlandu wanga ndikufuna uweruzidwe ndi mwala womwewu, popeza sunama. Tikhale tonse pabwalo pano, ine pakati. A Nyani alozetse Chilegeni kumwamba, mwala ukwere n'kubwerera pomwe pano. Ngati kazitape ndine, undigwere. Manda ndakumba kale, simuvutika. Ngati ndi wina, umupeza yemweyo."

Anthu anayang'anana, kenako phokoso linabuka. Aka kanali koyamba kuti aone ndi maso awo mwala wawo ukugwira ntchito. Masiku onsewa ankangokoka n'kumva za Kabawi.

"Eya! Uweruze mwala!"

Kazembe anasiya kunyambita ndevu. "Chabwino. Koma akhale yekha kutsidya uko, ife tionerere patali."

"Iyayi, bwana," anatero Mfuko mofatsa. "Ndikakhala ndekha, ngakhale mwala wamba ungandigwere, ndiye anthu adzati unasankha chiyani? Kodi ku Kuseri asilikali amakhala okha? Si amakhala pakati pa akazi ndi ana, mwala n'kumawatola mmodzimmodzi? Ndikhale pafupi ndi inu, kuti anthu aone mmene ukudutsireni."

"Akunena zoona," anatero mayi Nkhanga. "Ife tiopa chiyani? Ndife a Kuno enieni. Dikirani ndikatenge ana, adzaone mmene kazitape amafera."

Amayi onse anathamanga kukatenga ana. Mkazi wa Nyani anabwera ndi khanda kumbuyo n'kukhala kutsogolo kwenikweni, monyadira ntchito ya mwamuna wake.

Nyani anayamba kutuluka thukuta. "Anthuni, lero kuli mphepo."

"Dzana kunali mphepo yozula madenga," anayankha Mfuko, "koma a Kabawi anati asilikali asanu ndi anayi, mwana ayi."

"Mankhwala ake amadziwa a Kuseri okha."

"Kazitape mtima wake ndi wa Kuseri. Umununkhiza."

Kabawi anatambasula mapiko. "Ine ndikwere, ndizionera kumwamba monga mwa ntchito yanga."

"A Kabawi, lero zichitikira pansi pano, tonse tiona. Ndipo ndimati ndinene: amene achoke pabwalo pano mwala usanagwe, ameneyo wadziulula yekha."

"Wothawa ndiye kazitape!" anakuwa Njiri, ndipo gulu lonse linabwereza. Kabawi anapinda mapiko pang'onopang'ono.

Kazembe anakokera Nyani pambali n'kumunong'oneza kuti apendeketse Chilegeni pang'ono, mwala ukagwere kuthengo. Koma mayi Nkhanga, amene sankafuna kuti chionetsero chiwonongeke, anapita okha kukaima pansi pa nsungwi, diso limodzi kumwamba.

"A Nyani, chapendekeka ichi. Tawongolani. Ayi, bwezani pang'ono. Apo!"

Anthu anagwira chingwe. Nyimbo inayamba, ndipo tsiku limenelo mayi Nkhanga anaikometsera, kulangiza mwala kuti ulendo wa lero ndi waufupi, usasochere, ndipo gulu linavomera mosangalala za ana ogona m'nyumba. Nsungwi zinawerama zikulira, dengu linagunda pansi, chikhomo chinalowa. Anagubuduziramo mwala. Onse anathamangira pabwalo n'kukhala mothithikana, ana pamiyendo. Mfuko anakhala pakati, phewa lake litagunda nthiti za Kazembe, ndipo ankamva mtima wa mkuluyo ukugunda ngati ng'oma.

Musandifunse kuti Mfuko akanatani chikhomo chikanazulidwa. Sindikudziwa, ndipo ndikukayika ngati iye ankadziwa. Koma anakumbukira ana atatu aja pamphasa, ndipo anakhala osasuntha.

"Zulani, a Nyani!" linafuula gulu.

Nyani anagwira chikhomo. Anayang'ana mwala, anayang'ana bwalo. Khanda lake linasuzumira paphewa pa mayi ake n'kumusekerera.

"Zulani! Mukudikira chiyani?"

Kazembe anali atayamba kale kusuntha ndi matako, pang'onopang'ono, kulowera kumphepete. Mfuko anamugwira mchira.

"Mukupita kuti, bwana? Inu ukudutsani."

Nyani anachotsa dzanja pachikhomo n'kuliika kumutu.

"Sindizula! Mayi a mwana, choka pamenepo! Chokani nonse! Maso aja ndi phulusa. Ndimapaka ndekha ndi chala mmamawa. Mwala ndi mwala, umagwa pomwe wagwa!"

Palibe anathawa. Palibe anakuwa. Anthu anangokhala, aliyense atakumbatira mwana wake, maso ali padengu lija. Tsopano aliyense ankadziwa kuzizira kumene mayi wa ku Nsanjiko amamva akamva chinthu chikulira mumlengalenga.

Mayi Nkhanga anatembenukira kwa Kabawi. "Nanga asilikali aafupi aja?"

"Ine ndimakhala kutali, mayi. Ndimangoona timadontho. A Kazembe anati kadontho kalikonse ndiziti msilikali."

Mayi Nkhanga anadzuka, anapita kudzala, n'kubwera ndi bango lalifupi lija. Anagoneka mwana wawo wotsiriza pansi, n'kuika bangolo pambali pake. Linayambira kumutu, n'kuthera kuphazi ndendende. Analira mayiwo, kulira kopanda nyimbo, ndipo anthu anali asanawamvepo akulira chotero.

"Nyimbo ija ndinapeka ndine," anatero. "Ndinaimbira miyala yopha ana a anzanga."

Kazembe anaona kuti zinthu zavuta, ndipo anabangula. "Opusa inu! Mukasiya Chilegeni, a Kuseri abwera ndi mikondo, ndipo ana anu akweranso phiri. Mwaiwala machira aja? Mwala uli kale m'dengu. Tembenuzirani ku Katondo, timalize nkhondoyi lero!"

Mawu amenewo sanali opanda pake, ndipo anthu anawamva. Ena anayamba kugwedeza mitu. Mfuko anaimirira.

"Machira sindinaiwale, ndinkawalandira ndine. Mwina abweradi ndi mikondo. Mwina abwera ndi mlandu, ndipo tikaukamba. Zimenezo sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ku Katondo kuli mwana wanga ndi makanda atatu, ndipo dzulo mukanatha kunena kuti simunkadziwa. Lero amene agwire chingwe agwire akudziwa."

Mayi Nkhanga anapukuta misozi. "Tigwira chingwe. Koma tigwira kuti titsitse mwalawo."

Anatulutsa mwala m'dengu n'kuugubuduzira kudzala. Kenako anagwira chingwe onse, Nyani anazula chikhomo, ndipo anabweza nsungwi pang'onopang'ono mpaka zinaima chilili. Anapeza kuti kubweza n'kolemera kuposa kukoka, ndipo panalibe nyimbo yowathandiza. Chingwe chinawasupula m'manja.

"Ndani ali nane?" anafuula Kazembe.

Fisi anabwera, ndi ena asanu ndi mmodzi amene ankati nkhondo ukaiyamba uimalize. Anagwira chingwe, Kazembe patsogolo, n'kukoka mpaka mitsempha kuoneka. Nsungwi zinangogwedera ngati zaombedwa ndi kamphepo. Anayesa kuyambitsa nyimbo ija, koma panalibe wovomera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu isanu ndi itatu inalepheranso.

Sindinena kuti nkhondo inatha tsiku lomwelo. Milandu ya magazi siitha ndi tsiku limodzi, ndipo anthu a Kuno anakangana miyezi yambiri, ena akuti Mfuko anawapulumutsa ku tchimo, ena akuti anawagulitsa. Koma ku Katondo sikunagwe mwala.

Mawa lake Mfuko anatenganso khasu lake, n'kukwera phiri poyera, panjira. Adzukulu anzake anamutsatira, ndi mayi Nkhanga atasenza mtolo wa mabango aja kuti akabweze kwa eni ake. A Kuseri anawaona akubwera, ndipo anagwira mikondo. Ataona kuti anyamula makasu, anawasiya adutse, koma palibe anawapatsa moni.

Nachanza anali pakhomo, ana atatu ali moyo, akuyamwa. Mfuko anafuna kuthamanga kuti akawanyamule, minga kapena ayi. Koma mwana wakeyo sanaseke.

"Ababa, ndamva zimene mwachita. Zikomo. Mnzanga uja tinkasinja naye, anapita ku Mpatsa kukaona mayi ake tsiku loyamba la miyala. Anapita ndi mwana kumbuyo. Ndikufunseni chinthu chimodzi. Tsiku limenelo, inu munali kuti?"

Mfuko akanatha kunama. Pakamwa pake panali patagonjetsa Kazembe ndi mmisiri ndi mudzi wonse. Koma pamaso pa mwana wake, nzeru zonse zinamuthera.

"Ndinali pachingwe, mwanawe. Ndinakoka masiku atatu. Ndinkavomera nawo nyimbo."

Nachanza sanalire ndipo sanamutukwane. Analoza njira ya ku Mpatsa.

"Anawaika mofulumira, miyala ikugwa. Alibe ndi mitumbira yomwe, moti eni ake sadziwa pokalira. Pitani mukawaunjikire. Mukamaliza mudzabwere, mudzanyamule adzukulu anu."

Mfuko anasenza khasu n'kupita. Anaunjika ya ku Mpatsa, anaunjika ya ku Nsanjiko. Koma akati wamaliza, wina ankabwera n'kumuuza za mwana amene anafera kumunda, za nkhalamba imene inafera kuchitsime, amene Kabawi sanawaone n'komwe. Iye ankangoti, ndilozereni, n'kupita.

N'chifukwa chake mukadzuka mmamawa mumapeza timilu ta dothi lofiira m'munda mwanu, ting'onoting'ono, tondandalika. Mumatukwana kuti mfuko watha mbatata. Ndi iyeyo, sanamalizebe.

Yanga yathera pamenepa. Amene anaotcha mbatata akaphule, koma adutse bwino pa timilu timeneto.